Dzina Lako Likhala pa Khadi Langa, Lusiya

Balaka,
Lamulungu masana.

Wokondedwa mwana wanga Lusiya,

Dzanja limene ukuliona papepalali ndi la aphunzitsi a Namagonya, koma mawu onse ndi anga, ine mayi ako. Takhala pakhonde pawo chiwerukireni ku Misa, pamene iwe wapita kukaluka tsitsi. Ndawauza kuti asakonze kalikonse. Ndikanena mokhota, alembe mokhota momwemo, chifukwa ukamawerenga uli ku Blantyre ndikufuna uzimva ine, osati iwo. Sukulu yanga inathera sitandade thuu, koma mutu wanga sunathere pomwepo.

Mawa ukukwera basi kupita ku koleji ya anamwino. Aphunzitsi, pamenepo lembani kawiri. Mwana wa Anaphiri, wokolopa mu ofesi ya bungwe la alimi a thonje, akupita ku koleji ya anamwino. Tsiku limene dzina lako linatuluka pa foni ndinali ndi ndowa m'manja. Ndinaliza nthungululu mpaka abwana anatuluka atakwapatira laputopu, kuyesa kuti nyumba ikupsa. Ndinati, "Bwana, palibe moto, ndi Lusiya." Iwo anati, "Lusiya wa pa khadi uja?" Ndinati, "Yemwe uja." Anandigwira chanza, dzanja langa lili ndi thovu la sopo lomwelo.

Nkhani ya khadi imeneyo ndi imene yandikhazika pakhonde la eni ake lero. Lachisanu, tikupinda zovala zako, unanena mawu amene sindinakuyankhe. Unati, "Amayi, ndichotseni pa sikimu ya chipatala. Ndakula ine. Inu mupume ntchito, mupite kumudzi ku Utale mukakhale pansi, maondo anuwo atha." Ine ndinangoti, "Tandipatsa bulangetelo." Unayesa kuti sindinamve. Ndinamva bwinobwino, koma ndinadziwa kuti ndikayankha pakamwa udzandigonjetsa, pakuti pakamwa pako ndi pa abambo ako. Ndiye yankho nali papepala, pamene sungandidule mawu: iyayi. Dzina lako likhala pa khadi langa.

Ndikudziwa chimene chikukuwawa. Sikimuyi ndi inshuwalansi ya kuntchito kwanga, ndipo tsiku limene ndidzaike chikolopa pansi, khadi langa ndi lako adzafera limodzi. Iwe ukuona ngati ukundimangirira pa ndowa. Koma lamulo lake ndinalisunga pamtima ngati pemphero: mwana amene wakula amakhalabe pa dzina la kholo ngati sanakwatiwe, ngati akudya za pakhomo pa kholo lake kapena ali pasukulu, mpaka atakwana zaka makumi awiri ndi zisanu. Iwe uli ndi makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sukulu yako ndi ya zaka zitatu. Masamu amenewo ngakhale ine ndawakhoza. Tsono tchera khutu, ndikuuze mmene dzina lakoli lavutikira kuti likhale pamene lilipa, ndi mmene ine mwini ndinatsalira pang'ono kulitaya.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kudana ndi sikimuyo ndisanaimvetse. Mwezi umene anatilembetsa, malipiro anga anabwera operewera. Ndinalowa mu ofesi ya mayi Mandala, oona za antchito, osagogoda n'komwe. Ndinati, "Ndani wadya ndalama zanga?" Anati, "Khalani pansi, Anaphiri. Ndi za sikimu. Mukadwala muzipita kuchipatala cholipira, muzingoonetsa khadi." Ndinati, "Nanga ndikapanda kudwala, mudzandibwezera?" Anati iyayi. Ndinati, "Ndiye kuti inu mukufuna ndidwale." Kunyumba abambo ako anathira mafuta pamoto. Anati, "Munthu wamoyo kulipiriratu matenda? Kumeneko ndi kuwaitana pakhomo. Ine musandilembe." Ndinawamvera, ndipo sindinabwerere kukafunsa bwino. Akulu ako anali ali kale pa mabanja awo. Iweyo, mzime wanga, unalembedwa chifukwa mayi Mandala anandikakamiza, amvekere, "Kamwanako kokha lembani, ngakhale mwakwiya." Abambo ako atagwa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndinathamanga kuti ndikawalembe, koma anati wolowa kumene amayamba wadikira, ndipo matenda sanadikire. Mbuzi za ku Utale zinatuluka m'khola imodziimodzi mpaka khola linasanduka mosungira nkhuni, ndipo mwini mbuzizo tinakamuika. Sindikunena kuti khadi likanawaletsa kufa, za moyo mwini wake ndi Mulungu. Ndikunena kuti sitikanazengereza pakhomo n'kumayang'ana m'khola tisanayang'ane wodwala. Mwana wanga, chinthu ukapanda kuchimvetsa, funsa mpaka akutope nawe. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Kulakwa kwachiwiri ndiko kwakukulu, ndipo aphunzitsi akufunsa ngati ndikufunadi kuti kulembedwe. Lembani. Uli fomu firii, mng'ono wanga, mayi ako aang'ono a ku Nselema aja anakwatiwa ndi Che Sumani, anabwera kudzagulitsa mpunga kuno ku Balaka. Anabwera ndi mwana wawo Patuma, msinkhu wako, nkhope yako, mphuno yomweyi ya kwathu. M'mawa wina iwe utapita kusukulu, Patuma anayamba kudzipinda pamphasa atagwira m'mimba, thukuta lili kamukamu. Ndinati tithamangire kuchipatala cha boma. Mng'ono wanga anati, "Achemwali, kumeneko mzere wake tiupirira, khadi lili m'nyumba muno? Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga wa mng'ono wako? Ife tinayamwa bere limodzi. Lusiya ndi Patuma ndi mbumba imodzi, kapena kuofesi kwanuko anakuphunzitsani zina?" Mawuwo anandilasa, chifukwa kwathu ndi mmene zilili: mwana wa mng'ono wanga amanditchula mayi, ndipo sanama. Ndinkayesa khadi lili ngati khasu kapena mtondo, chinthu chobwerekana pa mbumba. Chithunzi chako pa khadilo chinali chakale, uli kamtsikana kometa mpala. Ndinamuuza Patuma kuti, "Ukafika kumeneko, dzina lako ndi Lusiya."

Ukanaona mmene tinavutikira ndi bodza limenelo. Namwino anaitana kuti, "Lusiya!" Patuma ali duu. Anaitananso, mpaka ine ndinamutsina pantchafu. Atamugoneka kuti amupime, ululu utamugwira, anakuwa kuti, "Ya Allah!" pamene ine ndili pambali ndi kolona m'khosi. Namwino anandiyang'ana, nayang'ana mpango wa Patuma. Ndinati, "Anatengera kuchimuna." Anapeza kuti ndi kathumbo kaja amati apendikisi, kanatupa, ndipo anakachotsa tsiku lomwelo. Patuma anachira. Che Sumani anabwera ndi thumba la mpunga ndi tambala, akuti sikomo, sikomo, mpaka kugwada. Ine ndinayenda mwamatama sabata yonse. Mumtima ndinkati, "Ndalama zanga zija zabwerera." Iwe tinakuuza kuti Patuma wagonekedwa, koma sitinakuuze kuti wagonekedwa m'dzina lako.

Kulakwa kwachitatu kunabwera utalemba mayeso a fomu folo, masamu atakugwetsa. Anzako anabalalika, ena ku Joni, ena ku mabanja, iwe unatsala pakhomo n'kumanditungira madzi. Ukukumbukira za pamjigo? Amayi aja ankati, "Anaphiri akuweta nkhuku yosaikira." Atamva kuti ukadali pa sikimu yanga anakupatsa dzina loti khanda la pa khadi, ndipo unkabwera ndi ndowa yosadzaza chifukwa chothawa pakamwa pawo. Manyazi amene unali nawo, inenso anandilowa. Ndiye amalume ako a Jailosi atabwera ndi mwamuna wa ku Ntaja, mwini golosale ndi njinga zamoto za kabaza, ndinalandira shuga ndi nsalu zake ndisanakufunse. Ndinapita kwa mayi Mandala kukapempha tchuthi cha chinkhoswe. Iwo anavula magalasi, anati, "Mukudziwa kuti akakwatiwa achoka pa khadi tsiku lomwelo?" Sindinagone nazo bwino. Mwamunayo atabweranso ndinamufunsa kuti, "Bambo, inu muli pa sikimu iliyonse?" Anaseka, akuseweretsa makiyi, anati, "Sikimu yanga ndi njinga zangazi, mayi. Akadwala ndigulitsa imodzi." Pomwepo ndinaona khola la ku Utale lili pululu. Ndinalowa kuchipinda, ndinakupeza utakhala pa bedi, maso ali psuu, buku la masamu lili pamiyendo. Apo m'pamene ndinakufunsa, mochedwa, kuti, "Iwe ukufuna chiyani?" Unati, "Ndikufuna kubwereza."

Shuga uja tinali titamwerako kale tiyi, ndinachita kukagula wina kuti abwerere wokwana. Amalume ako anatupa ngati finye. Anati, "Mlongo, mwakana munthu wa golosale chifukwa cha kapepala? Ndiye kapepalako kamukwatira mwanayu?" Ndinati, "Si pepala, achimwene, ndi pulasitiki, silinyowa ndi mvula." Anachoka osatsanzika, ndipo anatha chaka osaponda pakhomo pathu. Lero ndi amene akuuza anthu pa Utale kuti mwana wa mlongo wawo akukakhala dokotala. Usawakonze, asiye akondwe. Koma taona mwana wanga, ndinafunsa munthu wa ku ofesi ndisanafunse iwe mwini moyo. Iwe usadzatero ndi ana ako. Ndipo usadzalole kuti pakamwa pa anthu a pamjigo pakusankhire tsiku lochoka pakhomo pa mayi ako. Palibe aliyense wa iwo amene anabwera ndi phala kuchipatala.

Pakuti kuchipatala tinapitadi. Mvula yoyamba itagwa, uli pakati pobwereza, unayamba kudandaula m'mimba chakumanja. Apanso ndinalakwa, ndinakupatsa madzi otentha ndi mapiritsi a pagolosale, ndikumati ndi chimbudzi chouma. Utayamba kusanza ndi kutentha thupi ndinaitana kabaza, ndinakukhazika pakati, ine kumbuyo nditakugwira, khadi nditaliluma pakamwa kuti lisagwe. Tinapita ku chipatala chomwe chija. Dokotala wake anali mtsikana wochepa thupi, woti ukakumana naye pamsika ungamutume kukagula tomato. Anadina pamimba pako, iwe unakuwa. Anayang'ana pa kompyuta. Anabwerera pamimba pako, nakweza bulauzi, nayang'anitsitsa. Kenaka anandiitanira pambali. Anati, "Mayi, mwanayu ali ndi apendikisi. Koma kompyuta ikuti Lusiya tinamuchotsa kale apendikisi, pompano. Munthu amabadwa ndi kamodzi kokha, ndipo pamimba apa palibe chipsera. Lusiya weniweni ndi uti?"

Mwana wanga, ndakolopa pansi zaka zambiri, koma sindinafunepo kulowa pansi ngati tsiku limenelo. Bodza lina linabwera lokha pa lilime, loti kompyuta yasokoneza. Koma iwe unali pa machira, milomo itauma. Ndinaloza iwe, ndinati, "Ndi uyu." Anati, "Nanga woyamba uja?" Ndinati, "Nayenso ndi mwana wanga, koma si Lusiya." Anapumira m'mwamba. Anati, "Za khadi mukakambirana ndi eni ake. Ine ndikupita naye ku opaleshoni, kathumboka katsala pang'ono kuphulika." Ndinakhala pa benchi, kolona m'manja, osatha ngakhale kupemphera. Khadi limene ndinakanira nalo mkamwini wa golosale, limene ndinadana nalo ndi mlongo wanga, ndinali nditaliboola ndekha ndi manja anga, ndipo linkadontha tsiku lenileni limene linkafunika.

Iwe unatuluka wamoyo. Koma eni sikimu anaimitsa makhadi athu onse awiri, nadziwitsa a kuntchito. Abwana anandiitana pamodzi ndi mayi Mandala. Ndinavala nsalu yanga ya ku tchalitchi, ndinati ngati akundichotsa andichotse ndili wosamba. Abwana anati, "Anaphiri, mukudziwa kuti uku ndi kuba?" Ndinati, "Bwana, tsiku lija sindinkadziwa. Ndinkayesa khadi ndi khasu. Lero ndadziwa kuti ndi mswachi." Mayi Mandala anabisa nkhope m'faelo. Ndinapitiriza, ndinati, "Chilango chilichonse ndilandira. Mundidule malipiro, mundipatse zimbudzi zonse mpaka za kugalaja. Koma dzina la mwanayu musalifufute. Iye sanabe kanthu, anaberedwa, ndipo wakuba wake ndi ine." Ndikulankhula choncho, kunja kunamveka phokoso, mlonda akukangana ndi anthu. Anali mayi ako aang'ono ndi Patuma, achokera ku Nselema m'bandakucha, popanda wowaitana. Mng'ono wanga analowa, anati, "Wopempha khadi ndinali ine, musawapachike okha achemwali angawa." Anapempha abwana kuti atembenukire kukhoma, popeza ndi mwamuna. Abwana anatembenukadi. Patuma anakweza bulauzi pamaso pa mayi Mandala, anati, "Chipsera cha Lusiya ndi ichi, chili pa ine."

Chigamulo chinali choti tibweze zonse za opaleshoni ya Patuma, ndilandire chenjezo lomaliza, ndipo makhadi akhale otseka mpaka titamaliza. Za opaleshoni yako eni sikimu anavomera kulipira, ataona kuti wodwala weniweni anali mwini dzina. Che Sumani anagulitsa mpunga wa chaka chimenecho, osanyinyirika. Ine ndinagulitsa nandolo wa ku munda wa ku Utale. Iwe, chilonda chitangopola, unayamba kukazinga mandasi n'kumakagulitsa pa depoti, buku la masamu lili pansi pa beseni. Miyezi imeneyo ndiyo ndikufuna uikumbukire ukamanena kuti ndikuchotse. Unalibe khadi. Ukatsokomola kamodzi ine mtima unkalumpha. Neti yako ndinkaipisira ndekha ngati ya khanda, madzi ndinkawiritsa mpaka nkhuni kutha, ukachedwa pa depoti ndinkaima pamsewu kuyang'ana malole. Iwe unkati ndikukokomeza. Sindinkakokomeza, ndinkadziwa kuti kukachitika kanthu m'khola mulibe ngakhale kamwana ka mbuzi. Ndiye ukufuna ndikhale choncho zaka zitatu, iwe uli kutali, ukugwira odwala a matenda amitundumitundu, ine ndili ku Utale amati ndikupuma? Kumeneko si kupuma, ndi kufa uli maso.

Tsiku limene makhadi anabwerera, mayi Mandala anandipeza ndikutsuka makapu. Anandipatsa envelopu. Munali makhadi awiri atsopano, lako lili ndi chithunzi chako cha ukulu, ndipo anati tsopano pachipatala uzidinda chala, kuti pasapezekenso Lusiya wina. Ndinavina kuchokera pa geti la ofesi mpaka pamsika, anyamata a kabaza akundiimbira mabelu. Ndinadzera dala pamjigo. Ndinawaonetsa amayi aja, ndinati, "Khanda lija labwerera pa khadi, wina ali ndi mawu?" Chaka chomwecho masamu unawagwetsa ndiwe. Ndipo unandiuza kuti masiku aja unagona m'wodi, ukuona anamwino akusintha madiripi, ndi pamene unasankha ntchito yako. Ona mmene Mulungu amaphikira: kupusa kwanga anakusandutsa yunifolomu yako. Koma usatengere pamenepo kuti kupusa n'kwabwino. Aphunzitsi, mawu amenewo muwadule mzere kunsi.

Kwatsala kulakwa kumodzi, kwa maondo amene ukuwaliritsawa. Zaka zonsezi khadi langa ine sindinaligwiritsepo ntchito. Ndinkaganiza kuti sikimu ili ngati thumba la chimanga, ndikatapako ine, iwe utsala ndi chochepa. Ndinkangodzola mafuta otentha aja n'kumanga nsanza. Mwezi watha mayi Mandala anandiona ndikukwera masitepe chammbali ngati nkhanu, anandifunsa, ndinawauza. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Anaphiri, aliyense ali ndi gawo lake. Lanu mwakhala mukulisiyira ndani, angelo?" Ndinapita. Ndi nyamakazi, anandibaya jakisoni m'bondo, anandipatsa mankhwala ndi masewera oti ndizichita m'mawa. Ndi aja unandipeza ndikutukula mwendo pamphasa, iwe n'kumayesa ndagwa. Abwana nawonso andigulira chikolopa cha mtengo wautali ndi ndowa yofinyira yokha, za kugwada zija zatha, ndipo zimbudzi za kunja apatsa wina. Ndiye ndikuuze chimene sunadziwe pamene unkalankhula Lachisanu. Unachedwa. Lachinayi ndinali nditadinda kale chala changa papepala, kuti ndigwirabe ntchito zaka zitatu. Palibe anandikakamiza. Ndinadinda mwamphamvu mpaka inki inaonekera kuseri.

Tsopano mbali yako ndi iyi, ndipo si yolemera. Ukangofika, usanayambe kufunafuna anzako, upite ku ofesi ya koleji akupatse kalata yonena kuti ndiwe wophunzira wawo, yodindidwa. Uijambule pa foni utumize kwa mayi Mandala, yeniyeniyo ubwere nayo pa tchuthi. Chaka chilichonse uzitero sukulu ikangotsegulidwa, chifukwa kalatayo ikachedwa dzina lako limagwa lokha, popanda wolikankha. Usati mawa, usati mayeso andichuluka. Ine ndinavina pamsika chifukwa cha dzina limenelo, lisakagwe chifukwa cha ulesi wokwera masitepe a ofesi.

Khadi usabwereke munthu. Ndikudziwa kuti pali chala tsopano, koma anthu sasowa nzeru, adzakuuza kuti ukanene kuti mutu ukukupweteka ndiwe, utenge mankhwala uwapatse iwo. Ndi bodza lomwe lija lavala nsalu ina. Mnzako akadwala, mubereke kumsana upite naye kuchipatala cha boma, ukhale naye pamzere, umufunditse bulangete lako, umuphikire phala. Zonsezo ndi zako, ungapereke. Koma dzina lako ndi thupi lako zikhale pamodzi, chifukwa tsiku lina dokotala adzakhulupirira zimene zalembedwa iwe usakutha kulankhula. Ngakhale atabwera Patuma amene, ngakhale nditabwera ine, ukane. Patuma sangabwere n'komwe, iye ndi amene amalalikira za nkhaniyi pa Nselema ponse.

Za amuna sindichulutsa, ndiwe wamkulu. Ku Blantyre aliko a makiyi ambiri kuposa uja wa ku Ntaja. Sindikuti usayang'ane, maso ndi ako. Ndikuti amene akukufuna zoona adikire zaka zitatu, ine ndikudikira ndi maondo a nyamakazi, iye angalephere ndi maondo abwino? Akakuuza kuti musamukire limodzi, ukwati tidzakonza pambuyo, umuuze kuti kwanu ndi ku Balaka, bedi lako lilipo, ndipo mayi ako salichotsa. Pa tchuthi uzibwera kuno. Pano ndi pakhomo pako pa lamulo la sikimu, ndiponso pa lamulo langa, limene ndi lakale kuposa la sikimu.

Ukamva kupweteka, upite kuchipatala tsiku lomwelo. Usachite za mayi ako za madzi otentha. Anamwino ndi amene amanyozera matenda awo, ndinawaona m'wodi muja akutsokomola n'kumagawa mankhwala kwa ena. Ndipo ukadwala undiuze, usandibisire poopa kuti ndidandaula. Kudandaula ndi ntchito yanga, ndimaidziwa bwino kuposa kukolopa.

Wina akadzakuseka kuti msinkhu wonsewu ukadali pa khadi la mayi ako, usaweramitse mutu. Umuuze kuti mayi anga ndi wokolopa, ndipo anandisunga pamenepo ndi manja awiri, wina akukoka uku, wina uku. Mako ndi mako angachepe mwendo. Ndipo ukadzavala yunifolomu, tsiku lina udzaitana dzina pa benchi, mwana osayankha, mayi wake n'kumutsina pantchafu. Udzadziwa chimene chikuchitika. Usadzamukalipire pa anthu mayi ameneyo. Udzamuitanire pambali monga anandichitira dokotala uja, umuuze kuti munthu amabadwa ndi kathumbo kaja kamodzi. Wodwalayo umuthandize, koma bodzalo usalilembe.

Khadi lako ndalisokera m'kathumba ka nsalu yobiriwira, mkati mwa chikwama chako chakumanja, ndipo kalata ino ndiika momwemo. Usalichotse n'kuliika m'buku. Mandasi a paulendo ndikazinga m'mawa, ndipo Che Sumani atumiza mpunga woti ukayambire, ngakhale ndawauza kuti kumeneko amakuphikirani.

Unati ndipume. Ndidzapuma, ndipo tsiku lake ndalisankha kale. Ukadzamaliza, ukadzayamba ntchito, adzakupatsa pepala loti ulembe anthu ako pa sikimu yako. Ndafunsa kale, pakuti masiku ano ndimafunsa, ndipo akuti zilipo zina zimene zimalola kholo. Ufunefune yoteroyo. Udzabwere kuno ndi makhadi awiri, dzina lako pamwamba, langa pansi pake. Tsiku limenelo ndidzatsuka chikolopa, ndidzachiyanika, ndidzachipereka m'manja mwa mayi Mandala, kenaka tidzakwera galimoto ya ku Utale. Koma tisananyamuke tidzadzera pamjigo. Ndikufuna ndikawauze ndekha amayi aja, ndili ndi imvi zangazi, kuti khanda la pa khadi tsopano ndine.

Pita bwino, mwana wanga. Mulungu amene anakutulutsa m'chipinda cha opaleshoni akutsogolere. Kalata ya koleji usaiwale.

Ndine mayi ako,
Anaphiri.

Chala chili m'munsimu ndi changa, chomwe chija ndinadinda Lachinayi.